KAPHOKOSO KA M'GIYABOKOSI: CHENJEZO LIMENE MADALAIVALA A KU MARAVIA SAYENERA KULINYOZERA

FINGOÈ, Maravia. Kaphokoso kake kamayamba pang'onopang'ono, ngati njuchi imene yasokera n'kulowa m'galimoto. Dalaivala amene watsegula wailesi samakamva. Apaulendo amene ali kalikiliki kukambirana za mitengo ya fodya ndi chimanga samakamvanso. Koma kakangoyamba sikaleka ayi. Pakapita masabata kapena miyezi, njuchi ija imasanduka chigayo, ndipo tsiku lina galimoto imangoima pachitunda, injini ikulira bwinobwino koma matayala osasuntha, apaulendo n'kutsika kukakhala pamthunzi kudikira thandizo limene silikudziwika kuti lifika liti.

Umu ndi mmene amafera magalimoto ambiri ang'onoang'ono a mtundu watsopano, aja okhala ndi giyabokosi yotchedwa CVT. Kawirikawiri chimene chimayamba kutha si giyabokosi yonse ayi, koma kachitsulo kamodzi kozungulira kotchedwa bering'i, kamene amakaniko a kuno amakatchula pa Chipwitikizi kuti rolamento. Kachitsulo kameneka kamachenjeza nthawi ikadalipo. Vuto ndi lakuti ndi anthu ochepa amene amadziwa kumasulira chenjezo lakelo.

M'boma la Maravia nkhaniyi si yamasewera. Kuchoka ku Fingoè, likulu la bomali, kukafika mumzinda wa Tete pali makilomita oposa 200, kudzera ku Bene kumene msewu umakumana ndi msewu waukulu wa N9. Amene amakhala ku Malowera, ku Chiputo kapena ku Chipera ulendo wawo ndi wovuta koposa apa. Galimoto imodzi yomweyo ndiyo imanyamula mayi wodwala kupita naye kuchipatala, ndiyo imatuta katundu wa m'magolosale, ndiyonso imadyetsa banja la mwini wake ndi la dalaivala. Ikafa, ovutika ndi ambiri.

MAGALIMOTO ADASINTHA, MISEWU NDI YOMWEIJA

Nkhondo itatha m'chaka cha 1992 ndipo misewu itayambanso kutseguka, magalimoto amene ankalimba mtima kulowa m'madera ano adali malole ndi mapikapu okhala ndi magiya osintha ndi dzanja. Makaniko aliyense wa pansi pa mtengo ankawadziwa, ndipo zida zake zidali masipanala, nyundo ndi jeke basi.

Lero zinthu zidasintha. Magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan adadzaza m'dziko muno, monganso ku Zambia ndi ku Malawi, pakuti maiko onsewa amayenda kumanzere kwa msewu ngati ku Japan komweko, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Ambiri mwa magalimoto amenewa ali ndi CVT. Honda Fit idatuluka nayo kuyambira 2001, Toyota Ractis ndi Nissan Note kuyambira 2005, Nissan X-Trail kuyambira 2007, ndipo ngakhale Toyota Probox, imene amalonda amaikonda chifukwa cha kulimba kwake, idalandira CVT m'chaka cha 2014. Ogula ambiri amangouzidwa kuti galimotoyo ndi ya otomatiki, osadziwa kuti m'kati mwake mulibe magiya a mano amene adawazolowera.

Magalimotowa adapangidwira misewu ya phula ya m'mizinda. Kuno amakumana ndi fumbi, mchenga, zitunda, matope a m'dzinja ndi katundu woposa muyeso, pakuti misewu yambiri ya m'boma lino ndi yadothi.

MMENE CVT IMAGWIRIRA NTCHITO

Aliyense amene adaimapo pachigayo adaona lamba akuzungulira pa mapule awiri, ina ya injini ndi ina ya chigayo. CVT imagwira ntchito mofanana ndi zimenezi, kungoti mapule ake amatha kukula ndi kuchepa galimoto ili m'kati moyenda. Pule iliyonse ili ngati mbale ziwiri zachitsulo zoyang'anizana. Mbalezo zikafinyana, lamba amakwera m'mwamba ndipo pule imakhala ngati yakula. Zikatalikirana, lamba amatsikira m'kati ndipo pule imachepa. Mwa njira imeneyi galimoto imachoka pa giya yaing'ono kufika pa yaikulu popanda kudumpha.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kampani ya DAF ya ku Netherlands idaonetsa galimoto yotere m'chaka cha 1958, ndipo nthawi imeneyo lamba wake adali wa mphira. Pambuyo pake kudabwera lamba wachitsulo, amene adatuluka m'galimoto ya Subaru Justy m'chaka cha 1987. Lamba wa masiku ano ndi tizitsulo mazanamazana tolumikizidwa ndi mikombero yopyapyala yachitsulo.

Kuti lamba wachitsuloyo asaterereke, mbale zija zimamufinya ndi mphamvu yaikulu kwambiri yochokera ku pampu ya oyilo. Gawo la mphamvuyo limakathera pa mabering'i amene amagwira mapule. Bering'i ndi timipira tachitsulo toyenda pakati pa mikombero iwiri yosalala, monga timene timakhala mu habu ya njinga, kungoti take ndi tokulirapo. Mkombero ukangochita kachibowo kakang'ono, timipira timagunda pamenepo kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kugundako ndiko kumamveka ngati kung'ung'uza.

Apa pali mfundo imodzi imene dalaivala sayenera kuiiwala, pakuti ndiyo chitseko cha nkhani yonseyi. Pule yoyamba imazungulira motsatira injini. Pule yachiwiri imazungulira motsatira matayala. Choncho funso loyamba kwa amene wamva phokoso lachilendo ndi lakuti: kodi phokosoli likutsatira injini, kapena likutsatira liwiro la galimoto?

KUMVETSERA GALIMOTO ITAIMA

CVT yabwinobwino imakhala ndi kamluzu kake kapansipansi, makamaka ponyamuka, ndipo zimenezi si matenda. Chofunika kuchitchera khutu ndi phokoso latsopano, limene mwezi watha kudalibe, komanso limene likunka likulirakulira.

Kuyesa koyamba kumachitika galimoto ili pamalo amodzi. Dalaivala azimitse wailesi ndi fani, aike giya pa P, amange buleki yamanja, kenaka aponde mafuta pang'onopang'ono. Ngati phokoso likumveka pamenepa ndipo likukwera limodzi ndi injini, ndiye kuti kawirikawiri mabering'i a mapule sakukhudzidwa, pakuti pa magalimoto ambiri mapule sazungulira giya ikakhala pa P kapena pa N galimoto itaima. Wolakwa angakhale alitaneta, pampu ya madzi, kapule kokoka lamba wa panja pa injini, kapena pampu ya oyilo ya giyabokosi yomweyo. Pampu ya oyilo imalira mluzu wokwera, ndipo imalira kwambiri oyilo akachepa kapena sefa yake ikatsekeka.

Ngati galimoto itaima ili zii, koma phokoso limabwera ikangoyamba kuyenda, ndiye kuti kuyesa kupitirire pamsewu.

KUMVETSERA GALIMOTO IKUYENDA

Pa msewu wadothi wokhala ndi mabampu kaphokoso kakang'ono kamabisika, chifukwa chilichonse m'galimoto chimakhala chikugwedezeka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene madalaivala a kuno amazindikirira vutoli mochedwa. Mpata wabwino ndi pamene galimoto yatulukira pa phula la N9 pa ulendo wa ku Tete, kapena pamalo ena aliwonse osalala ndi owongoka, opanda anthu ndi ziweto, injini itatentha kale ndiponso mawindo atatsekedwa.

Dalaivala ayendetse pa liwiro limodzi, monga makilomita 50 pa ola, ndipo amvetsere bwino kamvekedwe ka phokosolo. Kenaka, osasintha liwirolo, achotse giya pa D n'kuika pa S, pa B kapena pa L, malinga ndi mmene galimoto yake idalembedwera. Singano ya injini ikwera pomwepo, chikhalirecho galimoto ikuyenda pa liwiro lomwe lija. Ngati phokoso lakwera pamodzi ndi singanoyo, ndiye kuti likuchokera mbali ya pule yoyamba. Ngati silinasinthe konse, likuchokera mbali ya matayala: pule yachiwiri, difu, bering'i ya tayala, kapena tayala lenilenilo.

Njira ina yotsimikizira ndi ponyamuka. CVT ili ndi khalidwe lakuti dalaivala akaponda mafuta, singano ya injini imakwera n'kuima pamalo amodzi pamene liwiro la galimoto likupitirira kukwera. Phokoso limene laima pamodzi ndi singano ya injini ndi la mbali ya injini. Phokoso limene likukwerabe pamodzi ndi liwiro ndi la mbali ya matayala.

Likakhala la mbali ya matayala, pafunika kupatula olakwa mmodzimmodzi, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Bering'i ya tayala imang'ung'uza mofanana kwambiri ndi ya m'giyabokosi, koma imadziulula pokhota. Dalaivala akapotoza chiwongolero pang'ono kumanzere, kulemera kwa galimoto kumapita kumanja, ndipo ngati phokoso lakula, kawirikawiri yatha ndi bering'i ya kumanja. Akapotozera kumanja phokosolo limachepa. Bering'i ya m'giyabokosi ilibe nazo ntchito zokhota, imalira chimodzimodzi. Matayala otha mosiyanasiyana, kapena aja a mano akuluakulu a m'matope, amasintha kulira kwawo msewu ukasintha, ndipo akasinthanitsidwa a kutsogolo kupita kumbuyo phokoso nalo limasamuka. Koma phokoso limene limabwera dalaivala akaponda mafuta n'kuchepa akachotsa phazi, kapena kuchita mosemphanitsa, limaloza ku difu ndi magiya ake, amene ali m'chikombole chimodzi ndi CVT.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyesaku kuchitike kawiri kapena katatu, m'mawa galimoto isanatenthe ndiponso masana itayenda mtunda wautali. Dalaivala wanzeru amajambula phokosolo pa foni, n'kusunga pamtima liwiro limene limayambira, kuti akafika kwa makaniko asamangoti galimoto ikulira, koma afotokoze kuti ikulira liti ndipo ikutsatira chiyani.

NTCHITO YA MAKANIKO

Makaniko wodziwa ntchito yake sathamangira kumasula giyabokosi. Amayamba wakweza tayala lililonse n'kulizunguza ndi dzanja, dzanja lina litagwira sipuling'i, pakuti bering'i ya tayala yotha imanjenjemeretsa sipuling'iyo. Kenaka amakweza matayala onse oyendetsa galimoto, naikhazika pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa, ndipo mnzake ali pa chiwongolero amayendetsa matayalawo m'malere pang'onopang'ono. Iye amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuigunditsa pa chikombole cha giyabokosi, chogwirira chake n'kuchiika pakhutu. Akamasuntha nsongayo malo ndi malo, pamene pali bering'i yotha pamamveka kukhulana koonekeratu. Ntchito imeneyi imafuna kusamala kwambiri, manja ndi zovala zikhale kutali ndi chilichonse chozungulira.

Ena amakhulupirira kwambiri kompyuta yopimira magalimoto. Makinawa ndi othandiza, koma bering'i imene yangoyamba kutha sailemba, chifukwa m'giyabokosi mulibe chipangizo chomvera phokoso. Pamene nyali yochenjeza iyaka, nthawi zambiri lamba amakhala atayamba kale kuterereka. Kompyuta ikanena kuti palibe vuto, sizitanthauza kuti khutu lanama.

Mboni yachiwiri ndi oyilo. Makaniko amatsitsa oyilo pang'ono m'mbale yoyera n'kumuyang'ana padzuwa. Pansi pa giyabokosi pali chiwaya chokhala ndi maginito, ndipo maginitowo akakhala ndi phala lotuwa losalala ngati phulusa lonyowa, zimenezo n'zachizolowezi. Koma pakaoneka tizitsulo tonyezimira tomveka m'zala ngati mchenga, ndiye kuti chitsulo chikudyeka m'kati. Oyilo wakuda wonunkha chopserera amasonyeza kuti giyabokosi yakhala ikutentha mopitirira. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka amasonyeza kuti mudalowa madzi.

CHIMENE CHIMAFULUMIZA KUTHA

Choyamba ndi oyilo wolakwika. CVT ili ndi oyilo wakewake, ndipo kampani iliyonse ili ndi mtundu wake: Nissan amalemba NS-2 kapena NS-3, Toyota amalemba TC kapena FE, Honda amalemba HMMF kapena HCF-2. Oyilo wofiira wa otomatiki wamba, amene ndiye amapezeka msanga m'misika ya kumidzi, amachititsa lamba kuterereka ndi kukanda mapule. Ambiri mwa magalimotowa alibenso kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi, kotero kuti mwini wake amatha zaka osamuona n'komwe. Amakaniko ambiri amalangiza kuti galimoto yogwira ntchito yolemetsa isinthidwe oyilo ameneyu ikayenda makilomita a pakati pa 40,000 ndi 60,000, ndiponso ikangogulidwa kumene, pakuti mbiri yake ya ku Japan palibe amene amaidziwa bwino.

Chachiwiri ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40. Galimoto yopangidwira anthu asanu ikanyamula asanu ndi atatu, pamwamba pake matumba a nsomba zochokera m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, n'kumakwera zitunda dzuwa lili paliwombo, oyilo amapyapyala ndipo sateteza timipira tija mokwanira. Udzu ndi fumbi zimene zimatseka rediyeta zimawonjezera vutoli, pakuti oyilo wa giyabokosi amazizira kudzera komweko.

Chachitatu ndi mchenga ndi matope. Galimoto ikatitimira, dalaivala amaponda mafuta mwamphamvu, matayala n'kumazungulira m'malere, kenaka n'kugwira mwadzidzidzi pa mwala kapena pa nthambi zimene anthu ayala. Kugwedeza kumeneko kumafika pa lamba ndi mabering'i. Kusinthasintha pakati pa D ndi R galimoto isanaime kumaononganso chimodzimodzi. Ndi bwino kutsitsa anthu, kufukula ndi khasu ndi kukankha.

Chachinayi ndi madzi. M'dzinja, pooloka mitsinje yodzaza, madzi amatha kulowa m'giyabokosi kudzera pa kachibowo kopumira ka pamwamba pake, ndipo dzimbiri limayamba pa mabering'i. Chachisanu ndi kukoka galimoto ndi chingwe mtunda wautali injini itazima. Pampu ya oyilo imayenda ndi injini, choncho matayala akamazunguza giyabokosi injini ili chete, zitsulo zimakhulana popanda oyilo wokwanira. Galimoto yotere siilira ndi kukankha, ndipo ikafa iyenera kukwezedwa pa lole.

LIKAPEZEKA, ACHITE CHIYANI?

Bering'i ikatha yatha. Oyilo watsopano angachepetse phokoso kwa masiku ochepa, koma sangatseke chibowo cha pa chitsulo. Mankhwala okhuthala amene ena amathira kuti phokoso lizime amangobisa matenda, ndipo amasokoneza kagwiridwe ka lamba.

Kusiyana kwa kufulumira ndi kuchedwa n'kwakukulu. Vutoli likapezeka pamene phokoso likadali la njuchi, makaniko amatsitsa giyabokosi, n'kusintha mabering'i, masefa ndi oyilo, ndipo lamba ndi mapule zimatsala zabwino. Likachedwa, pule imayamba kugwedera, lamba amayenda mopendekeka, tizitsulo timayenda ndi oyilo kukatseka timavavu ndi kukanda pampu, mpaka lamba kuduka. Pamenepo chotsala n'kugula giyabokosi ina yathunthu, imene mtengo wake umaposa wa mabering'i kambirimbiri. Kwa mwini galimoto wa kumudzi, zimenezi zingatanthauze kugulitsa ng'ombe, kudikira ndalama za fodya za chaka chamawa, kapena kuisiya galimoto pabwalo kuti ikhale chogonamo nkhuku.

Kumasula CVT si ntchito ya pafumbi. Imafuna malo aukhondo, chida chofinyira mabering'i, ndi munthu wodziwa kuti lamba ali ndi muvi wosonyeza mbali imene ayenera kuzungulira. N'chifukwa chake eni magalimoto a kuno amapita nazo ku Tete, ndipo a m'malire ena amaolokera ku Zambia. Makaniko wa pamudzi akhoza kuchita gawo loyamba, lomwe ndi lofunika kwambiri: kumvetsera, kupatula bering'i ya tayala, kuona oyilo ndi kunena zoona. Ngati galimoto ikungong'ung'uza chabe, ingathe kupita yokha ku galaja, yopanda katundu, m'mamawa kukadali kozizira, pa liwiro lofatsa. Koma ngati yayamba kukhulana ngati chigayo, kunjenjemera, kapena injini kukwera galimoto osathamanga, isayendenso ayi.

Amene asankha kugula giyabokosi yakale achenjere. Nambala yake ifanane ndi ya imene yachotsedwa, pakuti galimoto za dzina limodzi zimakhala ndi mitundu yosiyana, ndipo pa zina kompyuta ya galimoto imafunika kuikonzanso kuti igwirizane ndi giyabokosi yatsopanoyo. Chiwaya cha pansi chitsegulidwe ndalama zisanaperekedwe, maginito aonedwe, ndipo wogulitsa avomere kuti ikalira adzailandiranso.

Chimodzimodzinso amene akufuna kugula galimoto mumzinda. Wogulitsa akakweza wailesi kuti aonetse ubwino wa masipika, wogula apemphe kuti izimitsidwe, ayendetse galimotoyo mpaka itenthe, ndipo achite kuyesa kuja kwa D ndi S. Mphindi khumi zomvetsera zingamupulumutse ku ngongole ya chaka chathunthu.

Eni magalimoto nawonso ali ndi mbali yawo. Madalaivala ambiri aganyu amaopa kunena za phokoso poopa kuti bwana awaimba mlandu woononga galimoto, kapena kuti ikaima iwo sadya. Motero amakweza wailesi n'kumapitirira ulendo, mpaka mtsinje wa Tinkanena ukathere mu Siizi. Mwini galimoto amene amamvera dalaivala wake pamene wanena za kaphokoso kakang'ono amataya masiku ochepa a ntchito, koma galimoto yake imabwerera pamsewu.

Dzinja likayandikira, misewu ya ku Maravia imayamba kuvuta, ndipo lole yokanyamula galimoto yakufa imasowa. Nthawi yabwino yozimitsa wailesi, kutseka mawindo ndi kumvetsera ndi pamene mvula isanagwe, msewu wa ku Bene ukadali wouma.